Mlimi Amene Anakaona Njobvu Masana

Ku Malambo, m'boma la Mambwe, kuli anthu ambiri amene anabadwa, nakula, nafika pomera imvi osaolokapo mlatho wa pa Luangwa umene uli pa khomo la paki ku Mfuwe. Mlathowo amaudziwa, ena amagulitsa tomato ndi nthoci kufupi nao, koma tsidya lace amaliyesa dziko la eni, la alendo a makamera ndi ndalama za kunja. Paki imeneyi, yochedwa South Luangwa, kukula kwace ndi masikweya kilomita 9,050, ndipo anthu amakwera ndege kucokera ku Ulaya ndi ku America kudzaona njobvu zace. Mlimi wa kwa Kakumbi kapena kwa Nsefu, amene njobvu zomwezo zimamcezera caka ndi caka osaziitana, amazidziwa mwa njira ina. Amadziwa cimthunzi cakuda pakati pa usiku, pfungo, kulira kwa mapesi akuthyoka, ndi ndowe zofunda m'mizere kukaca. Akaiona masana, amaiona alikuthawa kapena alikuipirikitsa. Kukhala pansi mtima uli m'malo ndi kuyang'ana njobvu irikudya, ndi cinthu cimene ambiri a iwo sanacicitepo.

Mmodzi wa anthu otere anali mkulu wina wa m'dziko la Mfumu Mnkhanya, wobadwa mu 1956, amene moyo wace wonse wakhala wa khasu: cimanga, mapira, ndi thonje pang'ono la ndalama ya sopo ndi sukulu. Caka ca 2024 cinamgwetsa pansi monga cinagwetsera alimi ena ambiri m'dziko muno. Mvula inadula cimanga cisanamasule, ndipo pa 29 February Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse. Munda wace wa kumtunda unauma wonse ngati wapsa ndi moto. Kunatsala kamunda kamodzi ka m'mphepete mwa kamtsinje, pamene cinyontho cinakhalitsa, ndipo poyang'ana ndi diso la mlimi anayembekeza kukololamo matumba 6 kapena 7. Anamanga msasa pa culu, nagona pomwepo masabata asanu, ali ndi citini, toci, ndi njerwa za ndowe zosakaniza ndi mphiripiri, zimene amazitentha kuti utsi wace uingitse njobvu.

Zinabwera mu April, kutatsala masiku owerengeka kuti akolole. Usiku umenewo mphepo inatembenuka, utsi wonse unapita kwa mwini wace. Anaimba citini mpaka manja anacita dzanzi, anapfuula mpaka mau anasasa, koma njobvu yanjala siimva citini. Pamene imodzi inaleka kudya niyamba kudza ca ku culu, iye anathawira kumudzi. Kutaca anapeza mapesi onse ali pansi, ndipo zimene anatola zinangokwana madebe awiri.

Sanalire. Anayenda m'munda monse alikuwerenga mapazi monga acitira munthu wa ku Malambo: zazikulu zinai, zapakati ziwiri, ndi kamwana kamodzi. Phazi limodzi la kumbuyo, la kumanzere, linali lacilendo. Silinali kuponda lonse, ndipo linali kusiya mzere m'dothi monga pamene munthu wakoka cipika. Pambuyo pace kunabwera anthu ena ndi buku, nayeza munda, nalemba dzina lace, napita. Sanamvenso kanthu.

Mkuluyu ali ndi mphwace, mwana wa mlongo wace, amene anamphunzitsa sukulu ndi ndalama ya thonje. Mnyamatayo analemba mayeso a operekeza alendo m'paki, nakhoza, ndipo amayendetsa galimoto pa msasa wina wa alendo m'mphepete mwa Luangwa. Ndiye amene anali kutumiza thumba la ufa mwezi uliwonse m'caka ca njalaco. Mu October, pamene dzuwa la ku Malambo liotcha ngati ng'anjo ndipo nyama zonse zimasonkhana ku mtsinje, anabwera kumudzi nati akuluakulu a pa nchito amlola kutenga mbale wace mmodzi pa ulendo wa madzulo, popeza galimoto inali ndi alendo awiri okha.

“Amalume, tiyeni mukaone njobvu,” anatero.

“Ndikaone ciani cimene sindinacione? Kodi munthu amabvala jekete kukapereka moni kwa mbala yace?”

Amene anathetsa nkhaniyo anali mkazi wace, alikupeta gaga pakhonde. “Pitani, bambo,” anati, osakweza ndi mutu womwe. “Mukaone nkhope ya amene anadya nsima ya adzukulu anu. Mwina mukadziwa pomuyambira.”

Galimotoyo inali Land Cruiser yopanda magalasi ndi zitseko kumbuyo, ya mipando itatu yokwera ngati makwerero, kuti wa kumbuyo aone pamwamba pa mutu wa wa kutsogolo. Ulendo wa madzulo umayamba pa 16 koloko ndi kutha pa 20 koloko, ndipo pambali pa woyendetsa pamakhala mnyamata wina wogwira nyali yaikulu younikira nyama kukada. Alendo aja anali mwamuna ndi mkazi wace, okalamba ndithu, ocokera ku Holland. Asananyamuke, mphwace ananena malamulo m'Cingerezi, nawabwerezanso m'Cinyanja: osaimirira, osaturutsa dzanja kunja, osapfuula, ngakhale nyama ifike pafupi bwanji. Anati nyama zimaona galimoto ndi anthu ace ngati cinthu cimodzi cacikuru cimene zinacizolowera, koma munthu akaimirira, pomwepo zimazindikira kuti muli munthu. Mkuluyu anaseka cakumtima. Zaka zonse cida cace polimbana ndi njobvu cakhala phokoso, ndipo lero mwana amene anamgulira yunifomu alikumuuza kuti akhale cete.

Pa mlatho anayang'ana pansi. Luangwa, amene mu February amadzaza mpaka kugwetsa mitengo ya m'magombe, anali atasanduka mcenga ndi timadzi toyenda mwaulesi, ndipo pa dziwe limodzi mvuu zinali zitaunjikana ngati miyala, ng'ona ziri gone pa mcenga pakamwa yasa. Tsidya lija anaona nswala ndi nseula zirikudya m'mbali mwa mseu osacita mantha, anyani alikutolana nsabwe, ndi nyamalikiti zitatu, za mtundu umene supezeka kwina kulikonse koma m'cigwa cimeneci. Zimene zinamdabwitsa kopambana zinali nkhanga. Kwao nkhanga ikaona munthu imauluka asanatole ndi mwala womwe, koma izi zinali kuyenda patsogolo pa galimoto ngati nkhuku za pakhomo.

Dziko lenilenilo silinali lacilendo kwa iye, pakuti agogo ace anali kusimba za midzi imene inali tsidya lino isanasamutsidwe. Boma la Atsamunda linapatula malowa kukhala osungira nyama mu 1938. Mu 1950 Mzungu wina, Norman Carr, amene poyamba nchito yace inali yowombera njobvu zoononga minda, anapangana ndi Mfumu yaikulu Nsefu kuti mfumuyo ipatule mbali ya dziko lace, amangepo msasa wa alendo odzaona nyama, ndipo ndalama zolipira alendowo zizipita ku thumba la Akunda. Ndi bwino kukumbukira zimenezi, pakuti ciyambi ca nchito yonse ya alendo ku Malambo cinali pangano lakuti eni dziko adyepo. Mu 1972 malowa anakhala paki monga aliri lero.

Atayenda pang'ono analowa m'nkhalango ya tsanya imene mitengo yace yambiri inali yodulidwa pa msinkhu umodzi, ngati wina anadutsamo ndi cikwanje, ndipo patsogolo panali mlambe wokumbidwa m'mimba mpaka munthu akhoza kulowamo. “Kani ndi munda wao womwe amauononga cotere?” anafunsa mkuluyu. Mphwace anayankha kuti njobvu yaikulu imadya makilogramu ofika 150 pa tsiku, ndi kumwa madzi opitirira malita 100, ndipo imadya pafupifupi usana wonse ndi mbali yaikulu ya usiku, cifukwa mimba yace siigaya bwino. Zambiri zimene yameza zimaturuka momwemo. Ndico cifukwa cace anyani ndi nkhanga zimafukula ndowe zace, ndipo mbeu za mitengo zimamera kumene yadutsa. Nthawi ya cirimwe imakumba m'mcenga wa mitsinje youma mpaka madzi aturuke, nyama zina zimamwa pambuyo pace. Koma makungwa ndi masamba ouma sizikhutitsa msanga. Cimanga cokhwima, maungu ndi mango ziri ndi mphamvu yambiri m'malo ocepa, kotero kuti usiku umodzi m'munda umaipatsa zimene ikadabvutikira nthawi yaitali m'chire. Njobvu imene yalawa kamodzi siiwala.

“Ndiye kuti si cipongwe?”

“Iai, amalume, ndi masamu.”

Panapita nthawi osaona njobvu iriyonse, ndowe ndi mapazi okhaokha. Alendo anayamba kuyang'ana mawoci ao. Mkuluyu, amene anadziwa kuti kuona maso a nkhono nkudekha, anagwira mphwace paphewa nalozera pansi ndi mlomo: mapazi anali atsopano, fumbi la m'mphepete mwace lisanagwere mkati, ndipo analunjika ku mitengo ya msangu imene inali ca ku mtsinje. Mwezi umenewo misangu imagwetsa makoko ace ofiira, amene nyama zimawakonda kopambana. Mphwace anakhotetsa galimoto, nayenda pang'onopang'ono, naima pa mthunzi, nazima injini.

Poyamba kunali zii. Kenaka mthunzi wa pansi pa mitengo unayamba kuyenda, ndipo zinaturuka imodziimodzi, zotuwa ndi dothi, makutu alikukupiza ngati malicero. Cimene cinamcititsa nthumanzi cinali cakuti sizinali kumveka. Nyama imene yamphongo yace imafika makilogramu 6,000 inali kuponda pa masamba ouma ngati mphaka, pakuti kunsi kwa phazi lace kuli mafuta ofewa ngati mtsamiro. Iye anali kuidziwa njobvu ngati cinthu ca phokoso ndi cionongeko, koma apa anaona citamba cirikutsika, cirikufufuza pansi, ndi kutola khoko limodzi lokha ndi nsonga zace ziwiri, monga mai atolera kamwala mu mpunga, kenaka kuligwedeza kuti dothi licoke cisanaliike pakamwa. Anaona makwinya a khungu, tsitsi la m'zikope lalitali ngati la ng'ombe, ndi kadiso kakang'ono kofiirira kamene kanali kuyang'ana galimoto mosasamala. Imodzi inaika mutu wace pa thunthu la msangu niigwedeza, makoko anagwa ngati mvula, ndipo zinzace zinasendera kudzadya pamodzi popanda kukankhana.

Pansi pa mimba ya ina panaturuka kamwana. Citamba cace cinali lendelende, sikanali kudziwa cocita naco. Kanayesa kutola khoko katatu nikalephera, kenaka kanagwada ndi kuliluma ndi pakamwa. Katatopa kanabwerera kwa amace, kanapinda citamba pamphumi, nikayamba kuyamwa. Apa mkuluyu anaiwala lamulo, natsala pang'ono kuimirira. Mawere a njobvu sali kumbuyo monga a ng'ombe kapena mbuzi. Ali pa cifuwa, pakati pa miyendo ya kutsogolo, awiri, ngati a munthu. Zaka 68 anakhala pafupi ndi nyama imeneyi osadziwa zimenezo.

Mphwace analankhula motsitsa mau. Anati mimba ya njobvu imakhala miyezi 22, mwana amabadwa wolemera makilogramu pafupifupi 100, ndipo pamapita zaka zinai kapena zisanu asanabadwe wina. Anati gulu lotere ndi la akazi okhaokha a mimba imodzi, agogo, amai, alongo ndi ana ao, ndipo ana amuna akakula amacoka kukayenda okha kapena ndi amuna anzao. Wotsogolera ndi mai wamkulu, amene amakumbukira kumene kuli madzi m'caka ca cilala ndi njira zimene amai ace anamuonetsa.

“Ndiye ndi Akunda enieni awa,” anatero mkuluyu. “Mbumba ili kwa amai.”

Za kukumbukira njira, mnyamatayo anasimba za hotela ya Mfuwe Lodge, imene ili m'paki momwemo, kumene njobvu zimalowa m'cipinda colandirira alendo ca kumapeto kwa caka, pamene mtengo wa mtondo wa m'bwalo lace wapsa zipatso. Zimakwera masitepe, kudutsa pa desiki, kukadya, ndi kubwerera. Alendo amaziyesa zodabwitsa, koma kwa njobvu nkhani ndi yacidule: mtengo ulipo, njira iripo, ndipo cimene anthu anamanga pakati ndi cao. Mkuluyu anaganiza za kamunda kace ka m'mphepete mwa kamtsinje, kamene anakatsegula mu 1990 pa malo amene kale anali chire lokhalokha.

Mai wamkulu wa gululo analibe minyanga. Ku Malambo yotere amaicha nyungwa, ndipo alenje akale anali kuiopa kopambana zinzace, amati ndi yaukali. Mkuluyu anakumbukira kuti ali mwana nyungwa zinali zosowa, ndipo zimene anakumbukirazo zinali zoona. Akatswiri amene anawerenga njobvu za m'paki imeneyi anapeza kuti mu 1969, mwa zazikazi 100 zirizonse, 10 zinalibe minyanga. Pofika 1989 zinali 38. Sikuti minyanga inathothoka. Za minyanga ndizo zinaphedwa, ndipo zopanda minyanga zinatsala ndi kubereka ana ofanana nazo.

Zaka zimenezo iye anaziona ndi maso. Ali kamnyamata, pakati pa 1965 ndi 1969, njobvu zinacuruka kotero kuti Boma lenilenilo linali kuzipha mwadala pamodzi ndi mvuu ndi njati, kuopa kuti zingathe mitengo, ndipo nyama inali kukonzedwa pa buchala ya kwa Kakumbi. Mu 1973 owerenga pa ndege anapeza njobvu pafupifupi 86,000 m'cigwa ca Luangwa. Kenaka mtengo wa minyanga unakwera kunja, mtengo wa mkuwa unagwa kuno, ndipo m'chire munalowa magulu a anthu a mfuti za nkhondo, osati gogodera wa makolo. Anakumbukira miimba irikuzungulira kumwamba masabata athunthu, ndi pfungo limene mphepo inali kubweretsa kumudzi, la nyama yambiri yoola popanda woidya, pakuti ophawo anali kungosema nkhope ndi nkhwangwa nkumapita. Maiko anagwirizana kuletsa malonda a minyanga mu 1989, koma zinali zitatha kale zambiri. Pa kuwerenga kwa mu 2015, m'cigwa conse munapezeka njobvu pafupifupi 14,000. Cipembere cakuda, cimene iye anacionapo kawiri ali mnyamata, cinatheratu. Mu 1998 cinalengezedwa kuti mulibenso m'Zambia, ndipo zimene ziri ku North Luangwa zinayamba kubweretsedwa kucokera kunja mu 2003. Munthu angadabwe kuti njobvu zacepa cotere koma madandaulo a minda acuruka. Yankho lace liri m'midzi: anthu ku Malambo acuruka kwambiri, ena atsata nchito za alendo, ndipo minda yafika kumene kale kunali njira za nyama.

Alikuganiza zimenezi, kamphongo kena ka msinkhu wapakati kanaganiza zoonetsa mphamvu. Kanatambasula makutu, kanakweza mutu, kanaponda pfumbi ndi kudza molunjika galimoto kalikulira ngati lipenga. Mai wa ku Holland anagwira mwamuna wace. Dzanja la mkuluyu linapita lokha pansi pa mpando kufuna citini cimene kunalibe. Mphwace sanayatse injini, sanagwedezeke. Anangolankhula nako ndi mau apansi, monga munthu alankhulira ndi ng'ombe yace pa goli. Kanaima patatsala mapazi khumi, kanapukusa mutu, makutu nkulira phwa, ndipo kanabwerera cammbali ngati mwana amene wacita manyazi. Mnyamatayo anati njobvu yotambasula makutu ndi kucita phokoso imangoopseza. Yoopsa ndi imene yapinda makutu kumbuyo, yatsitsa mutu, yapinda citamba, ndi kubwera mosalankhula. Mkuluyu anayang'ana msana wa mphwace nthawi yaitali. Anali asanamuonepo pa nchito yace.

Pamene gulu linayamba kucoka pansi pa misangu, maso ace anapita ku miyendo, monga mwa cizolowezi. Anawerenga: zazikulu zinai, zapakati ziwiri, kamwana kamodzi. Ndipo mai wa kamwana kaja, poyenda, anali kukoka mwendo wa kumbuyo wa kumanzere. Pamwamba pa phazi panali cipsera cozungulira mwendo wonse ngati cibangiri, ndipo pa pfumbi la mseu panatsala mzere.

Anakhala cete mpaka yomariza inadutsa. Kenaka anati, “Mphwanga, kucokera pano kufika kwathu ndi mtunda wotani?”

“Kudzera m'chire ndi makilomita ngati 20, amalume. Kwa njobvu ndi ulendo wa usiku umodzi.”

Palibe angalumbire kuti inali yomweyo. Njobvu zopunduka miyendo ziripo zingapo ku Malambo, ndipo zina zimayenda ndi citamba coduka pakati. Cimene cimazicita zimenezi si mkango kapena ng'ona, koma waya. Munthu amachera msampha wa waya m'njira ya nyama kufuna nswala kapena njati ya ndiwo, koma waya sasankha. Amagwira mwendo wa njobvu, njobvu imadula mtengo umene wamangidwapo, ndipo waya amatsala alikudya mnofu mpaka pa pfupa. Mnyamatayo anati madokotala a nyama a bungwe la Conservation South Luangwa, pamodzi ndi a Boma oyang'anira nyama, akamva za njobvu yotere amailasa ndi mankhwala ogonetsa, kudula waya ndi kutsuka bala, ndipo iyi iyenera kuti inapulumuka mwa njira imeneyo. Mkuluyu sanafunse kuti waya amachera ndani. Anali kudziwa nyumba zimene waya amasungidwa kudenga, ndipo anali kudziwanso kuti m'caka ca cilala nyumba zotere zimacuruka.

Dzuwa litapendeka anaima pa gombe lalitali la Luangwa, pamene alendo amaloledwa kutsika ndi kumwa kanthu. Mai wa ku Holland, amene anaona kuti mkuluyu ndiye anapeza mapazi, anapempha mphwace amfunse ngati sadziona wamwai kukhala moyandikana ndi nyama zokongola cotere. Linali funso la mtima wabwino, ndipo mnyamatayo analimasulira alikuyang'ana pansi. Mkuluyu anamwa tiyi wace pang'ono, nati: “Uwauze kuti ndi zokongola ndithu, lero ndaona. Uwauzenso kuti iwo alipira kamodzi kuti azione, ine ndimalipira caka ndi caka.” Mnyamatayo anamasulira zonse osasiyako, ndipo anaonjeza za matumba 7 aja. Maiyo anafiira nkhope, nafunsa mafunso ambiri za mphiripiri, za nkhokwe za simenti zochedwa felumbu zimene njobvu siingathe kuziphwanya, ndi za amene amalipira munda ukadyedwa. Pa funso lomarizali panalibe comasulira.

Nkhani ya ndalama za njobvu ndi yopota ngati cingwe, ndipo amene amaiona mbali imodzi yokha amanama. Ufa umene mkuluyu ndi adzukulu ace anadya kucokera mu May unagulidwa ndi malipiro a mphwace, ndipo malipirowo anacokera m'matumba a anthu onga awiri aja, amene sakadabwera kukadakhala kulibe njobvu. Njobvu inadya cimanga cace, njobvu yomweyo inamgulira ufa. Koma mnansi wace, mai wamasiye amene munda wace unadyedwa sabata lomwelo, alibe mphwace woyendetsa galimoto. Kuyambira pa lamulo la nyama la mu 1998, maiko a mafumu ozungulira paki ali ndi mabungwe a anthu a m'midzi olandira gawo la ndalama zocokera ku nyama, ndipo ndalama zotere zathandizapo pa masukulu, pa zitsime ndi pa malipiro a alonda a nyama a m'midzi. Zimenezi ndi zabwino, koma citsime ndi ca mudzi wonse pamene munda wodyedwa ndi wa munthu mmodzi, ndipo mwana sagona ndi mimba ya madzi a pa mpope. Ndiponso nkobvuta kupempha munthu kuti asunge cinthu cimene amaciona usiku wokha cirikumlanda. Mabungwe ena amatengako ana a sukulu kulowa nao m'paki, ndipo acita bwino. Koma amene amagona m'misasa ya m'minda, ndi amene amasunga waya kudenga, ndi akuluakulu.

Dzuwa linafiira ngati khala pamwamba pa mapiri a Muchinga. Mnyamata wa nyali ndiye anayamba kuziona, naloza kumunsi kwa mtsinje. Gulu lija linali kutsika pa gombe, nyungwa patsogolo. Inaima pa mcenga, inakweza citamba kununkhiza mphepo ya tsidya, niyembekeza nthawi ndithu. Kenaka inalowa m'madzi, zinzace pambuyo mu mzere umodzi. Madzi anafika m'maondo mwa zazikulu, koma kamwana kanamira mpaka kunatsala kansonga ka citamba kokha pamwamba, amace alikukakankha ndi mwendo wabwino uja, ina irikukachinga ku mbali ya ng'ona. Mvuu zinapfuula, mbalame zoyera zinauluka, ndipo makamera awiri anali kulira kosaleka. Mwamuna wa ku Holland anacotsa cipewa.

Mkuluyu anayang'ana naye limodzi mpaka kamwana kanaturuka tsidya kalikunyezimira ndi madzi. Pamenepo anayang'ana kumene nyungwa inalunjika itakwera gombe. Tsidya limenelo si paki. Ndi dziko la Lupande, la midzi ndi madimba, ndipo mango anali atayamba kupsa.

“Mphwanga, ndibwereke foni.”

Inalira kanthawi asanayankhe. “Amake ana, ndine. Zaoloka tsopano lino, ziripo 7. Uzani anyamata asonkhe moto ku dimba, atenge ndi njerwa za mphiripiri ziri kuseri kwa khola. Muuzenso amai aja a kumtunda kuti asagone pafupi ndi mtengo wa mango.”

“Nanga mwaiona nkhope yace?” anafunsa mkazi wace.

“Ndaiona. Iri ndi mwana woyamwa. Mwendo anaipweteka ndi waya.”

Kunali cete pang'ono ku foni, kenaka anati nsima adzamsungira m'mbale yobvundikira. Mphwace anali atalongedza kale makapu, ndipo alendo anakwera. Mnyamata wa nyali anayatsa nyali yace, galimoto inatembenukira ku chire kukafuna nyalugwe.